Liwu loti "charge" likundizunguza mutu, ndimasuleni

Kafadala_22
Moni nonse. Amene Chingerezi chimakuyendani, ndithandizeni pa liwu loti "charge". Pa foni timati "charge the phone". Pa lisiti amalemba "service charge". M'nyuzipepala ndimawerenga "he was charged with theft". Kuntchito bwana akachokapo amasiya uthenga woti uje ndiye ali "in charge". Tsono ndakumananso ndi chiganizo choti "the elephant charged at the car", chonsecho njovu ilibe batire, siilemba malisiti, komanso si wapolisi. Kodi ndi liwu limodzi lomweli, kapena ndi mawu angapo amene angofanana kalembedwe? Funso lachiwiri: ndikamanena za ndalama ndisankhe liti pakati pa charge, fee, price, cost ndi fare? Dikishonale ikungowaunjika pamodzi ngati ndi ofanana, koma ndikalemba chimangirizo aphunzitsi akudula ndi cholembera chofiira.

Namzeze
Njovuyo inatha moto, imathamangira tchaja ya m'galimotomo.

Kafadala_22
A Namzeze, mayeso ali pafupi, nthabwala tichita tikakhoza.

Gogo_wa_Mabuku
Mdzukulu, ndi liwu limodzi, ndipo ukadziwa kumene linachokera sudzavutikanso nalo kwambiri. Aroma anali ndi liwu loti "carrus", kutanthauza ngolo, ndipo iwonso anachita kulitenga kwa anthu a ku Gaul, dera limene lero kuli France. Kuchokera pamenepo panabadwa mneni woti "carricare", kupakira katundu m'ngolo. Mneniyu atalowa m'Chifalansa chakale anasanduka "chargier". Anthu a ku Normandy, chigawo cha ku France, atalanda England mu 1066, mawu ambiri a Chifalansa anakhamukira m'Chingerezi, ndipo pofika zaka za m'ma 1200 "charge" anali atakhazikika ndi tanthauzo la kusenzetsa katundu.

Tsono taona zitsanzo zako zija. Wogulitsa akakutchaja, wakusenzetsa ngongole yoti ulipire. Apolisi akakutsegulira mlandu, akusenzetsa mlanduwo. Bwana akakusiyira ofesi, wakusenzetsa udindo. Batire ukalitchaja, walipakira magetsi. Ife tomwe timati munthu wasenza udindo, wasenza mlandu wa mnzake, ndiye ganizoli si lachilendo kwa ife. Mawu oti car, carry, cargo ndi discharge ndi a banja lomwelo. Ngakhale "caricature", chithunzi chija amajambula munthu mphuno itakula mopitirira, chinachokera ku Chitaliyana "caricare", kupakira mopyola muyeso.

Mbalame_ya_Usiku
Agogo, mbiriyo ndi yokoma, koma m'chipinda cha mayeso simulowa ngolo za Aroma. Komanso njovu ija mwaizemba dala. Yasenzetsa ndani katundu? Si mawu onse amene amamvera nthano ya kumene anachokera.

Gogo_wa_Mabuku
Sindinaizembe, ndimapuma kaye. Tanthauzo la kuthamangira mdani linabwera mochedwerapo ndipo linakulira ku nkhondo. Mmene ndimalionera ine, wothamangira mnzake akumugwetsera kulemera kwake konse, iye mwini ndiye katunduyo. Asilikali a pahatchi a ku Britain oposa 600 amene anathamangira mizinga ya Russia ku Balaclava pa 25 Okutobala 1854, mpaka lero zimene anachitazo zimatchedwa "charge". Ku mpira wamiyendo kukankha mnzako ndi phewa amati "shoulder charge", ku basketball kugunda wotchinga amene waima kale pamalo pake ndi mlandu wa "charging".

Mbalame_ya_Usiku
Mwaikokera ndithu mpaka yafika. Chabwino, ndavomera theka.

Aphunzitsi_Opuma
Ine ndiyankhe funso lachiwiri, chifukwa ndi pamene ana ambiri amatayira malikisi. Vuto ndi loti ife liwu loti mtengo limakwana pafupifupi paliponse, pamene Chingerezi chimafuna kudziwa kuti ukulipirira chiyani.

"Price" ndi ndalama imene wogulitsa waika pa chinthu chogwirika: buku, nsapato, nyumba. "Cost" amayang'ana mbali ya wotulutsa ndalama, zonse zimene zakuthera kuti chinthu chitheke. N'chifukwa chake amati "the cost of building a house", osati price, popeza palibe munthu mmodzi amene anamata mtengo pa ntchito yonseyo. "Fee" ndi malipiro a katswiri kapena a bungwe: loya, dokotala, sukulu, kulembetsa mayeso. Fizi imene timanena ija ndi yomweyi. "Fare" ndi ya ulendo basi, kaya pa basi, sitima kapena ndege. "Toll" ndi ya msewu kapena mlatho. "Rate" ndi mtengo wowerengera pa ola, pa tsiku kapena pa muyeso winawake. "Fine" ndi chindapusa, umalipira chifukwa walakwa.

Nanga "charge"? Iyeyu amakonda ntchito imene wina wakuchitira, makamaka yoonjezera pamwamba pa chinthu chenichenicho: "delivery charge", "bank charges", "service charge". Wagula kabati, mtengo wa kabatiyo ndi price, yokubweretsera pakhomo ndi charge, ndipo ukaphatikiza zonse mpaka ya amene anakuthandiza kuikweza pa masitepe, imeneyo ndi cost.

Chimene ndimachidula kwambiri ndili pa ntchito ndi ichi: "The book charges ten dollars." Buku silitchaja munthu. Wotchaja ndi munthu kapena kampani, chinthu chimangochita "cost". Ndiye unene "the book costs ten dollars" kapena "they charged me ten dollars for the book".

Chimtali
Aphunzitsi, fee ndi charge mwawasiyanitsa bwino pa pepala, koma eni chilankhulo amawasakaniza. Ndaonapo "delivery fee" ndi "delivery charge", "booking fee" ndi "booking charge", zonse zolembedwa ndi makampani akuluakulu. Tisamaopseze ana ndi malamulo amene eni ake sawatsata.

Aphunzitsi_Opuma
Zoona achimwene, pamenepo amalowana, ndipo palibe wolemba mayeso wanzeru amene angadule "delivery fee". Koma pali malire amene sadumphika. Simudzamva "school charges" m'malo mwa "school fees" popanda tanthauzo kusintha, simudzamva "bus price" kwa munthu wofunsa ya ulendo. Mawu ofanana tanthauzo amagawana bwalo, koma aliyense ali ndi ngodya yake imene mnzake safikamo.

Wa_Malamulo
Ndiloleni ndilowe ndi mbali yanga, chifukwa apa kusokoneza mawu kumaipitsa mbiri ya munthu. Anthu akawerenga kuti "he has been charged with fraud" amathamangira kulemba kuti uje wapezeka wolakwa. Ayi. Pali masitepe. "Suspected" ndi kuganiziridwa chabe. "Arrested" ndi kumangidwa, ndipo munthu akhoza kumangidwa n'kumasulidwa osatsegulidwa mlandu uliwonse. "Charged" ndi pamene boma lanena mwalamulo kuti tikukuimba mlandu wakutiwakuti. Kenako kuzenga mlandu. Pamapeto pake ndi "convicted" ngati khoti lamupeza wolakwa, kapena "acquitted" ngati lamupeza wosalakwa. Chilango chenichenicho ndi "sentence".

"Accuse" ndi "charge" amayandikana koma si amodzi. Aliyense akhoza kuchita accuse, ngakhale mnansi wako pa mpanda. Charge ya mlandu imachokera kwa amene ali ndi mphamvu ya lamulo. Ku England ndi Wales, pa milandu ikuluikulu, chiganizo chotsegula mlandu chimapangidwa ndi Crown Prosecution Service, ofesi yoimira boma pa milandu, imene inayamba ntchito mu 1986. Ku America mudzamva kwambiri liwu loti "indicted", pamene gulu la nzika lotchedwa grand jury lavomereza kuti umboni ulipo wokwanira kuti munthu akayankhe mlandu. Potchula liwuli chilembo c sichimveka, amati "indaiti".

Ndipo samalani ndi aperekezi: accuse amayenda ndi "of", charge amayenda ndi "with", blame amayenda ndi "for".

Namzeze
Ndiye munthu akhoza kukhala "charged with battery" foni yake ili yozima?

Wa_Malamulo
Mukuseka koma mlandu umenewo ulipodi. "Battery" m'malamulo ndi kumenya kapena kugwira munthu mwankhanza popanda chilolezo chake. Nthawi zambiri amautchula pamodzi ndi "assault".

Nthambo_Yofiira
Popeza mwatchula batire, ife a zamagetsi tilankhulepo. Mawu awiriwa, charge ndi battery, onse ali ndi fungo la wonga. Kale msilikali akathira wonga mu mfuti kapena mu mzinga ankati wachita "charge", ndipo muyeso wa wongawo unkatchedwanso "charge". Mizinga ingapo yondandalikidwa pamodzi inali "battery". M'zaka za 1745 ndi 1746 kunapezeka botolo losunga magetsi, lotchedwa Leyden jar potengera mzinda wa Leiden ku Netherlands. Ukalidzaza n'kuligwira molakwika linkakuwomba ndithu. Katswiri wa ku America Benjamin Franklin analumikiza zosungira magetsi zingapo pamodzi n'kuzitcha "battery", ndipo ndi yemweyo anafalitsa zoti magetsi ena ndi "positive" ena "negative". Batire lopanga magetsi lokha linabwera pambuyo, la Alessandro Volta mu 1800.

Kwa ife charge ndi chinthu choyezeka, muyeso wake ndi coulomb, dzina la Charles-Augustin de Coulomb wa ku France. Nambala ija imalembedwa pa batire la foni, monga 5000 mAh, ikunena kuchuluka kwa charge imene lingasunge. Mukaiwerengera imakwana ma coulomb 18,000.

Kambuku77
A Nthambo, poti mwabwera, kodi n'zoona kuti kusiya foni pa tchaja usiku wonse kumapha batire? Mkazi wanga amadzuka pakati pa usiku kukazula.

Nthambo_Yofiira
Auzeni alamu agone mwamtendere. Mafoni a masiku ano ali ndi kachipangizo koletsa magetsi kulowa batire likadzaza. Chimene chimakalambitsa batire la lithium ndi kutentha, komanso kukhala nthawi yaitali lili lodzaza kwambiri kapena lotheratu. Ndiye musaiike pansi pa pilo ikamatchaja, ndipo ngati foni yanu ili ndi posankha kuti iziima pa 80 peresenti, tsegulani pamenepo. Malangizo akale oti lizitheratu kaye musanatchaje anali a mabatire a nickel-cadmium. A lithium-ion, amene ali m'mafoni athuwa, anayamba kugulitsidwa ndi Sony mu 1991 ndipo safuna zimenezo.

Chimtali
Ine ndimatsutsa. Foni yanga yakale inatupa batire, ndipo ndinkaisiya usiku wonse.

Nthambo_Yofiira
Munkagwiritsa tchaja yake yeniyeni kapena zija zopepuka ngati bokosi la machesi lopanda kanthu?

Chimtali
Funso limenelo ndiliyankha ndikapeza loya.

Mlonda_wa_Gulu
Abale, za mabatire otupa tsegulani mutu wina. A Kafadala akudikira za "in charge".

Sisitala_wa_Usiku
Imeneyo ndiitenge ine. M'chipatala namwino amene akuyang'anira wodi pa shifiti amatchedwa "charge nurse" kapena "nurse in charge". Ofanana naye tanthauzo ndi "responsible for", "in control of", "heading", "supervising". Koma sali chimodzimodzi. Ukakhala in charge ndiwe wolamula pa nthawiyo, mafunso onse amabwera kwa iwe. "Responsible for" amapita patali, amafika mpaka pa kuyankha zinthu zikalakwika. Munthu akhoza kukhala "responsible for the accident" koma sangakhale "in charge of the accident", pokhapokha ngati ndi wapolisi woyendetsa zofufuza pamalopo.

Tsono pali msampha umene ambiri saudziwa. Kaliwu koti "the" kamatembenuza chiganizo chonse. "The nurse is in charge of the child", namwino ndiye woyang'anira. "The child is in the charge of the nurse", mwana ali m'manja mwa namwino. Mukalemba kuti "the nurse is in the charge of the child", mwanena kuti mwanayo ndiye akulera namwino. Ndipo ana amene mlezi akuwasamala amatchedwa "her charges", si ngongole zake ayi.

Kwathu ku wodi liwu limene limasokoneza odwala ndi "discharge". Dokotala akati "we will discharge you tomorrow" ndi nkhani yabwino, mukutuluka. Akafunsa "is there any discharge from the wound?" akufunsa ngati bala likutuluka mafinya kapena madzi. Ndinaonapo bambo wina atayamba kupinda zofunda zake atangomva liwulo, pamene dokotala ankafunsa za bala la pa mwendo.

Gogo_wa_Mabuku
Mwaona? Discharge ndi kutsitsa katundu. Chipatala chatsitsa wodwala, bala latsitsa mafinya, batire latsitsa magetsi, msilikali watsitsidwa udindo. Ngolo ija ikuyendabe.

Mbalame_ya_Usiku
Agogo ndi ngolo yawo sitiwatha.

Dzombe_Lakuda
Chimene chikundinyansa ine n'choti Chingerezi chimatchedwa chilankhulo cholemera, koma liwu limodzi likugwira ntchito khumi ngati wantchito wa bwana woumira. Bwanji osangopanga mawu osiyana?

Aphunzitsi_Opuma
A Dzombe, musanaloze chala tayang'anani m'nyumba mwanu. Kuimba nyimbo, kuimba foni, kuimba mlandu, kuimba belu. Kumva phokoso, kumva kuwawa, kumva fungo, kumva Chifalansa, mwana wosamva. Foni ikazima timati yatha moto, pamene simunayakepo lawi. Mlendo wophunzira Chichewa amalira chimodzimodzi. Ifeyo sitisokonezeka chifukwa liwu lotsatira limatiuza kuti ndi kuimba kuti. Chingerezi nachonso n'chimodzimodzi.

Chimtali
Onjezani mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika.

Gogo_wa_Mabuku
Umenewo ndi wosiyana pang'ono, achimwene. Awiriwo amalembedwa mofanana koma khutu limawasiyanitsa, mawu amakwera pa wa m'nkhalango. Ali ngati "bank" ya ndalama ndi "bank" ya m'mphepete mwa mtsinje, amene dikishonale imawalemba ngati mawu awiri. Charge ndi kuimba ndi mtundu wina: liwu limodzi lomwe lachita nthambi. Ndipo charge si katswiri pa zimenezi. Mu Oxford English Dictionary ya 1989 liwu loti "set" linali ndi matanthauzo 430, ndipo atakonzanso gawo la "run" mu 2011 mneni yekhayo anafika 645.

Dzombe_Lakuda
645? Ndiye ndasiya, ndikaphunzira Chipwitikizi.

Mlendo_wa_Kutali
Kumenekonso mukaipeza. M'Chipwitikizi "carregar" ndi kunyamula katundu, kupakira lole, kutchaja foni, ndipo ku Portugal ndi kudina batani komwe. Tchaja amati "carregador", liwu lomwelo limatanthauzanso munthu wonyamula katundu. Chijeremani "laden" ndi kupakira katundu komanso kutchaja batire. Agogo asangalale.

Ndionjezere za kusiyana kwa Britain ndi America. Mu sitolo ya ku America munthu akati "charge it" akutanthauza kuti ikani pa khadi langa la ngongole, ndilipira pambuyo. Mu hotela "charge it to my room" ndi kuti alembe pa bilu ya chipinda. Kuimba foni yoti alipire wolandirayo, a ku Britain amati "reverse the charges", a ku America amati "call collect". Palinso "chargé d'affaires", amene amagwirizira ofesi ya kazembe mwini wake kulibe. Limenelo likadali Chifalansa, limatchulidwa "shazhe", musalitchule ngati mukunena za foni.

Wa_Malamulo
Pali chimodzi chimene palibe wachitchula, ndipo chimaopsa anthu m'makalata a kuntchito. "Charged with" si mlandu nthawi zonse. "The committee is charged with reviewing the contract" akutanthauza kuti komitiyo yapatsidwa ntchito younikanso mgwirizano. Muziona chimene chatsatira. Ngati ndi cholakwa, monga theft, murder, fraud, ndi mlandu. Ngati ndi ntchito yabwinobwino, ndi udindo, ndipo mukhoza kuikapo "tasked with" kapena "entrusted with" tanthauzo osasintha. Pamavuta pamene ntchitoyo ikhoza kukhala zonse ziwiri. "He was charged with moving the money" ikhoza kukhala kuti anamutuma kusamutsa ndalama, kapena akumuimba mlandu wozisamutsa. Wolemba wosamala amachipewa chiganizo chotero.

Kambuku77
Nanga "the atmosphere was charged"? Ndinamva wolengeza mpira akunena. Ndani analipiritsa mpweya?

Sisitala_wa_Usiku
Palibe. Akunena kuti m'bwalomo munali mutadzaza mkwiyo kapena chidwi moti kanthu kakang'ono kakanayatsa moto. Ofanana nalo ndi "tense" kapena "heated". Amatinso "a politically charged question", funso loti ukangoliyankha wina akwiya. Ndipo mnzanu akati akupita kutchuthi "to recharge", musamupatse tchaja, akukapuma.

Mbalame_ya_Usiku
Ine njira yanga ndi yachidule, a Kafadala. Musaloweze matanthauzo, lowezani liwulo pamodzi ndi mnzake woyenda naye. Charge for, ndalama. Charge with, mlandu kapena ntchito. Charge at kapena charge into, kuthamangira. Charge to, kulemba pa akaunti ya wina. In charge of, woyang'anira. Take charge, kutenga ulamuliro. Free of charge, ulere. Press charges, kukasuma kuti mlandu utsegulidwe. Drop the charges, kuuthetsa. Mukawerenga nyuzipepala, lembani chiganizo chonse m'kope, osati liwu lokha.

Chimtali
"Overcharge" mwamusiya. Wogulitsa akakudula mopitirira ndi overcharge, batire ukalipyoletsa ndi overcharge.

Wa_Malamulo
Woimira boma pa milandu akamuunjikira munthu milandu yoposa imene umboni ukulola, amatinso overcharging.

Kafadala_22
Zikomo nonse, kope ladzaza. Ndayesa kupanga ziganizo zanga, ndikonzeni. Choyamba: "The mechanic charged me for the repair." Chachiwiri: "She was charged of stealing a laptop." Chachitatu: "Who is in charge for this office?" Chachinayi: "The bus charge has gone up." Chachisanu: "Entry is free of charge."

Namzeze
Ziwiri mwa zisanu. Njovu ija ikanakhoza bwino.

Aphunzitsi_Opuma
A Namzeze awerenga molondola, ngakhale pakamwa pawo sipaphwa. Choyamba ndi chachisanu zili bwino. Chachiwiri chikhale "charged with stealing", kapena ngati ukufuna kusunga "of" usinthe mneni, unene "accused of stealing", podziwa kuti pamenepo sunanene zoti apolisi atsegula mlandu. Chachitatu ndi "in charge of this office". "For" ameneyo wamubwereka kwa "responsible for". Chachinayi ndi "bus fare". Lemba zina zisanu, koma ulendo uno ziwiri zikhale ndi "discharge", ndipo chimodzi chikhale cha "in the charge of" chija anafotokoza a Sisitala.